Kodi mwini timu ya mpira amalemera?

Ana ambiri a ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Mabvuku akaona khamu la anthu likulowa m'bwalo la Rufaro Lamlungu masana, amaganiza kuti madzulo ake mwini timu amapita kunyumba ndi chithumba cha ndalama choti sangachinyamule yekha. Nanga anthu onse aja si analipira pachipata? Yankho lake likudabwitsani. Kuno ku Zimbabwe, anthu ambiri amene anakhalapo ndi timu ya mpira anaika ndalama zambiri kuposa zimene anatolera. Ena mpaka anagwa mphwayi n'kuisiya timuyo. Tiyeni tizitsatire ndalamazi bwinobwino, tione kumene zimachokera ndi kumene zimathera.

Tiyambire pachipata pomwe. Tsiku loti Dynamos ikusewera, msewu wa ku Rufaro umadzaza dzuwa lisanafike pamutu. Makombi amatsitsa anthu ovala za buluu, amayi amawotcha chimanga m'mbali mwa msewu, anyamata amayenda ndi mbendera ndi zipewa zamalonda. Munthu aliyense amaima pamzere, kupereka ndalama pakazenera, n'kulandira tikiti. Ochemerera okhala mbali imene amaitcha Vietnam amakhala atayamba kale ng'oma osewera asanatuluke. Mpira ukamafika kumapeto, m'kachipinda kena anthu amakhala ali kalikiliki kuwerenga ndalama, ndipo pakhomo pa kachipindako pamakhala pataima kale ena odikira gawo lawo.

Oyamba ndi eni bwalo. Rufaro si ya Dynamos ayi, ndi ya khonsolo ya mzinda wa Harare. Chimodzimodzinso bwalo la Gwanzura ku Highfield. National Sports Stadium, imene inatsegulidwa mu 1987, ndi ya boma. Choncho timu imachita kubwereka bwalo, ndipo mwini bwalo amatapako gawo lake pa ndalama za pachipata. Kenaka pamabwera bungwe loyendetsa ligi la Premier Soccer League, bungwe la mpira la ZIFA, ndi bungwe la boma loona za masewero. Apolisi ndi alonda amene amakhazikitsa bata nawo amalipidwa. Oimbira mpira, ogulitsa matikiti ndi a ambulansi onse sagwira ntchito yaulere. Zikamafika m'manja mwa msungichuma wa timu, ndalama zija zimakhala zitaphwa kwambiri.

Tengani pensulo tiwerengere limodzi. Manambala awa ndi ongoyerekeza, kuti tione mmene zimayendera. Tinene kuti kwabwera anthu 5,000 ndipo aliyense walipira madola 3. Pamodzi ndi madola 15,000. Tinenenso kuti onse aja atatapa, timu yatsala ndi theka, madola 7,500. Mu ligi ya matimu 18, timu iliyonse imasewera masewero 34 pachaka, ndipo 17 okha ndi amene imasewera pakwawo n'kutolera za pachipata. Madola 7,500 kuchulukitsa ka 17 akukwana 127,500. Zikumveka zambiri, eti? Tsopano onani mbali inayi. Timu ili ndi osewera 30, ndipo aliyense tizimupatsa madola 400 pamwezi. Pachaka ndi madola 144,000. Ndalama za pachipata zatha kale, ndipo paperewera 16,500, chikhalirecho sitinalipire mphunzitsi ndi omuthandiza, dotolo wa timu, ngakhale bambo amene amachapa mayunifomu. Sitinagule mipira ndi nsapato. Sitinapereke kandalama kothokoza kamene osewera amalandira akapambana. Sitinathire mafuta m'basi yopita ku Bulawayo, ulendo wa makilomita oposa 400, kapena ku Kariba, ku Zvishavane ndi ku Hwange kumene anthu onsewa ayenera kukagona ndi kudya. Komanso musaiwale kuti timu ikamagonja, kapena mvula ikagwa, anthu 5,000 aja sabwera onse.

Ndiye dzenje lotsalali amalikwirira ndani? Kawirikawiri ndi kampani imene dzina lake limalembedwa pachifuwa cha jezi. Kampaniyo imapereka ndalama kuti anthu aziona dzina lake sabata ndi sabata. Banki ya BancABC inathandizapo Dynamos ndi Highlanders, kampani ya mafoni ya NetOne inachitanso chimodzimodzi, ndipo mu 2021 kampani ya mafuta ya Sakunda inalengeza thandizo la madola 5.3 miliyoni kwa matimu awiriwa kwa zaka zitatu. Ligi yonse nayo imathandizidwa ndi kampani ya zakumwa ya Delta. Kumudzi ku Malawi kampani imalowa mpaka m'dzina la timu. Agogo anu amaidziwa Bata Bullets, makolo anu anamva za Total Big Bullets ndi Bakili Bullets, inu mukumva Nyasa Big Bullets, koma timu ndi yomweyo ya ku Blantyre. Wanderers nayo yakhalapo Yamaha, Limbe Leaf, MTL, Be Forward ndi Mukuru. Mukaona dzina lasintha, dziwani kuti amene akulipira osewera wasintha. Vuto la thandizo lotere ndi loti mgwirizano umatha, ndipo kampani ikaona kuti malonda ake sakuyenda, imanyamuka.

Mwina mukuti, nanga bwanji matimu a ku England amene timawaonera pa TV amagula osewera pa ndalama zoopsa chonchija? Chinsinsi chake ndi TV yomweyo. Makampani oulutsa mpira anavomera kulipira mapaundi 6.7 biliyoni kuti azionetsa Premier League m'dziko la Britain lokha kwa zaka zinayi kuyambira mu 2025, ndipo maiko ena onse amalipiranso paokha. Ngakhale timu yothera kumchira imalandira mapaundi oposa 100 miliyoni pachaka. Bambo anu akalipira DStv kuti aonere Arsenal kapena Liverpool, kachigawo ka ndalama imeneyo kamayenda mpaka kukafika ku England. Ligi yathu kanema wa SuperSport ankaionetsa zaka zingapo zapitazo kenaka anasiya, ndipo ndalama za TV kuno sizinafikepo poti n'kudyetsa timu.

Tsopano tifike pa funso loti timu mwini wake ndani. Mu Harare momwe muno muli mayankho atatu osiyana.

Dynamos inabadwira ku Mbare mu 1963, nthawi imene mzinda uno unkatchedwa Salisbury. Amene anaiyambitsa sanali munthu wachuma. Anali osewera achikuda amene ankafuna timu yaoyao, mothandizidwa ndi a Sam Dauya. Inakula n'kukhala timu yotenga ligi kambirimbiri kuposa ina iliyonse m'dziko muno, ndipo mu 1998 inafika mu ndime yomaliza ya chikho cha akatswiri a mu Africa, kumene inagonja kwa ASEC Mimosas ya ku Côte d'Ivoire. Inatenganso ligi zaka zinayi zondondozana kuyambira 2011 mpaka 2014 pansi pa mphunzitsi Kalisto Pasuwa, yemwe uja anadzapita ku Blantyre kukaphunzitsa Bullets. Koma chifukwa choti oyambitsa anali ambiri, funso la umwini lakhala likuvuta. Timu itasandutsidwa kampani, panafunika masheya. Sheya ndi kagawo ka umwini: mukagawa kampani m'magawo 100, amene ali ndi magawo 51 ndiye amakhala ndi mawu omaliza. A Bernard Marriot Lusengo, mmodzi mwa oyambitsa, ananena kuti magawo 51 ndi ao. Osewera ena akale anatsutsa, ponena kuti malamulo a 1963 amati timu ndi ya onse amene anaiyambitsa ndi kuisewerera. Nkhaniyi yakhala ikulowa ndi kutuluka m'makhothi. Ine zimandimvetsa chisoni, chifukwa munthu wanzeru sangaike chuma chake m'timu imene sakudziwa kuti agule kwa yani. Timu yokhala ndi ochemerera m'dziko lonse, yazaka zoposa 60, ikubwerekabe bwalo.

CAPS United, timu yovala zobiriwira imene ochemerera amaitcha Makepekepe, inayamba mu 1973 ngati timu ya kampani yopanga mankhwala yotchedwa CAPS. Kalelo makampani ndi migodi yambiri inali ndi matimu, ndipo wosewera ankagwira ntchito m'fakitale m'mawa n'kukachita zokonzekera masana. Chuma chitayamba kuvuta, kampaniyo inaitaya timu, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 inapita m'manja mwa a Twine Phiri, munthu wamalonda. Mu nthawi yao timu inatenga ligi mu 2004 ndi 2005, ndipo mu 2005 Joseph Kamwendo, mnyamata wochokera ku Malawi, anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu Zimbabwe atavala jezi yobiriwira yomweyo. Patapita zaka, masheya ambiri anapita kwa a Farai Jere. Umu ndi mmene timu imagulitsidwira mwa njira yoyamba: dzina, mtundu wa jezi ndi ochemerera zonse zimakhala pomwepo, amene wasintha ndi mwini masheya basi.

Yachitatu ndi yatsopano, ndipo ana a ku Mabvuku ndi Tafara mukuidziwa bwino. Scottland ndi ya a Pedzisai Sakupwanya, odziwika kuti Scott, amene amachita malonda a golide. Inalowa mu ligi yaikulu itapambana m'chigawo chake mu 2024, ndipo posakhalitsa inakopa osewera otchuka monga Khama Billiat, mwana wa ku Mufakose amene anasewerapo ku Mamelodi Sundowns ndi Kaizer Chiefs. Timu yotere siidalira za pachipata. Imadalira thumba la munthu mmodzi. Matimu a m'migodi nawo ali chimodzimodzi, kungoti thumba lake ndi la kampani: FC Platinum ya ku Zvishavane inatenga ligi kanayi motsatizana kuyambira mu 2017, ndipo Ngezi Platinum Stars inatenga mu 2023. Pamene matimu akale a mu Harare ankavutika kulipira osewera, matimu a m'migodi ankalipira pa nthawi yake, ndiye osewera abwino anakhamukira komweko. Palinso njira ina ku Bulawayo. Highlanders, imene inayamba mu 1926, ndi ya mamembala, amene amalipira chaka ndi chaka n'kumasankha atsogoleri mwa voti, monga zilili ku Barcelona ndi Real Madrid. Timu yotere munthu mmodzi sangadzuke m'mawa n'kuigulitsa.

Ngati phindu palibe, n'chifukwa chiyani anthu amafunabe kukhala ndi timu? Ena amaukonda mpira kuchokera pansi pa mtima. Ena amafuna kuti malonda ao ena adziwike. Ena amafuna kutchuka, poti munthu wokondedwa ndi ochemerera savutika kupeza mavoti, ndipo si zachilendo kuona mwini timu ali phungu wa nyumba ya malamulo. Zifukwa zonsezi zimatha kukhala mwa munthu mmodzi.

Njira yachiwiri yogulitsira timu ndi imene imawawa. Chimene chimagulitsidwa ndi malo a mu ligi. Zili ngati munthu wogula benchi ya mnzake pa Mbare Musika: safuna tomato wake kapena dzina lake, akufuna malowo kuti aikepo katundu wakewake. Harare inali ndi timu yotchedwa Blackpool, imene mu 1995 inafika mu ndime yachiwiri kwa yomaliza ya chikho china cha mu Africa. Cha m'ma 2000 a Eric Rosen anagula malo ake mu ligi, ndipo dzina la Blackpool linazimirira, m'malo mwake munabwera Motor Action. Ku South Africa zoterezi zimachitika kawirikawiri. Mu 2020 Bidvest Wits ya ku Johannesburg, imene inali itakhala zaka 99 ndipo inali itatenga ligi mu 2017, inagulitsidwa kwa anthu a ku Limpopo. Chaka chotsatira Bloemfontein Celtic, yodziwika ndi ochemerera oimba mokoma, inagulidwa n'kusamutsidwira ku KwaZulu-Natal ndi dzina loti Royal AM. Tangoganizani mwana amene anagona ali ndi timu, n'kudzuka timuyo kulibe. Palibe anamufunsa, ngakhale kuti makolo ake ndi amene ankalipira pachipata zaka zonsezo. Ine ndimaona kuti malamulo a mpira sayenera kulola zimenezi ochemerera asanamvedwe.

Nanga mtengo wa timu amaupeza bwanji? Wogula amayang'ana zimene timu ili nazo: malo mu ligi, mapangano a osewera, dzina, kuchuluka kwa ochemerera, ndiponso bwalo kapena malo ochitira zokonzekera ngati alipo. Akatero amachotserapo ngongole, chifukwa wogula timu amagulanso ngongole zake. N'chifukwa chake mu 1982 a Ken Bates anagula Chelsea ya ku London pa paundi imodzi yokha. Timuyo inali itamira m'ngongole, ndipo paundiyo inali yongosonyeza kuti malonda achitika. Mu 2003 a Roman Abramovich anaigula pa mapaundi pafupifupi 140 miliyoni, ndipo mu 2022 inagulidwanso pa mapaundi 2.5 biliyoni. Ku Ulaya mwini timu akhoza kutaya ndalama chaka chilichonse koma n'kudzapeza phindu tsiku logulitsa, poti ndalama za TV zimakweza mtengo wa timu. Kuno kwathu matimu ambiri alibe bwalo, alibe ndalama za TV, ndipo mapangano a osewera ambiri ndi a chaka chimodzi kapena ziwiri. Wogulitsa nthawi zambiri amakhala wotopa amene akungofuna wina woti amutule katundu.

Ndalama zenizenizo nazonso zakhala zikusinthasintha. Mu 2008 mitengo inkakwera tsiku ndi tsiku, mpaka kumayambiriro kwa 2009 kunatuluka pepala limodzi la madola 100 thililiyoni. Ndalama zotoleredwa pachipata Lamlungu zinkafika Lachisanu zitatha mphamvu. Kenaka tinayamba kugwiritsa ntchito madola a ku America, ndipo mu 2024 kunabwera ndalama yatsopano ya ZiG. Wosewera akamasaina pangano lero, amafunsa kaye kuti alipidwa mu ndalama iti.

Kuti muone kuopsa kodalira thumba la munthu mmodzi kapena anthu ochepa, funsani amalume anu za matimu atatu awa a mu Harare. Monomotapa United inatenga ligi mu 2008, ndipo chaka chotsatira inafika m'magulu a chikho cha akatswiri a mu Africa. Gunners inatenga mu 2009. Motor Action ija inatenga mu 2010. Patangopita zaka zochepa, onse atatu anali atatuluka mu ligi yaikulu. Kupambana kumene kunawaonjezera mtolo, chifukwa katswiri wa dziko amayenera kukwera ndege kukasewera kunja, ndipo matikiti a ndege a anthu 30 ndi mahotela zimadya ndalama zochuluka kuposa mphoto ya ligi. Eni ake atatopa, panalibe khamu la ochemerera loti n'kuwanyamula. Dynamos, CAPS ndi Highlanders zakumanapo ndi njala yoopsa, koma sizinafe, chifukwa anthu sanaleke kubwera.

Amene amavutika kwambiri ndalama zikasowa ndi wosewera. Mumamuona akuthamanga m'bwalo anthu akumuimbira, koma mwina watha miyezi itatu osalandira, lendi ya nyumba ku Glen View ikumudikira, mwana akufunika fizi. Mukamva kuti osewera akana kuchita zokonzekera, musafulumire kuwanena kuti ndi aulesi. Mpira ndi ntchito yao, ndipo ntchito yake ndi ya zaka zochepa. Ali ndi bungwe lao lowamenyera nkhondo, Footballers Union of Zimbabwe, ndipo FIFA imatha kuletsa timu kugula osewera atsopano mpaka italipira ngongole. Ngongole ya mpira siiwalika: mu 2015 dziko lonse la Zimbabwe linachotsedwa mu mpikisano wopita ku World Cup ya 2018 chifukwa ZIFA sinalipire mphunzitsi wina wa ku Brazil wotchedwa Valinhos. Komanso mukagula jezi yachinyengo pamsika, dziwani kuti ngakhale senti imodzi siifika ku timu imene mumaikonda.

Pali njira ina yopezera ndalama imene ndaisunga dala, chifukwa ikukhudza inu amene mumamenya chikulunga m'fumbi la m'misewu ya Mabvuku ndi Dzivaresekwa. Njirayi ndi kugulitsa osewera. Sikuti amagulitsa munthu ayi. Wosewera amakhala ndi pangano loti asewerera timu yake zaka zakutizakuti, ndipo timu ina ikamufuna nthawiyo isanathe, imalipira kuti panganolo limasulidwe, iye mwini atavomera. Pangano likatha, amachoka ulere, timu osapeza kanthu. Moses Chunga, amene ochemerera amamutcha Bambo, anachoka ku Dynamos kupita ku Eendracht Aalst ya ku Belgium kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Benjani Mwaruwari, wobadwira ku Bulawayo m'banja lochokera ku Malawi, anagulidwa ndi Portsmouth mu 2006 pa mapaundi oposa 4 miliyoni. Marvelous Nakamba wa ku Hwange anapita ku Aston Villa mu 2019 pa mapaundi pafupifupi 11 miliyoni. Koma taonani: ndalama zazikuluzo zinapita ku Auxerre ya ku France ndi Club Brugge ya ku Belgium, kumene anyamatawa ankasewera pa nthawiyo. Matimu a kuno amagulitsa wosewera akadali wotchipa, ena n'kudzakolola patsogolo.

Pofuna kuchepetsa kusiyana kumeneku, FIFA inaika lamulo. Wosewera akagulidwa kuchoka m'dziko lina kupita m'dziko lina pangano lake lisanathe, magawo 5 pa magawo 100 aliwonse a mtengowo amagawidwa kwa matimu onse amene anamuphunzitsa mpira kuyambira ali ndi zaka 12 mpaka 23. Werengerani nokha: pa madola 10 miliyoni, madola 500,000 amabwerera kumene mwanayo anakulira. Sukulu ya mpira ngati Aces Youth Soccer Academy ya mu Harare, imene inaphunzitsa Khama Billiat ndi Knowledge Musona, ikhoza kugula mipira, kulipira aphunzitsi ndi kulipirira ana fizi ndi ndalama zotere. Koma ndalamayo imatsatira zolembedwa. Ngati mwana anasewera zaka zinayi m'timu ya m'dera popanda kulembetsedwa ku ZIFA, zaka zimenezo sizioneka paliponse, ndipo mphunzitsi amene ankamugulira nsapato ndi ndalama za m'thumba mwake salandira kalikonse. Choncho ngati muli ndi zaka 12 kapena kuposerapo ndipo mumasewera m'timu ya ana, pemphani mayi kapena bambo akafunse aphunzitsi ngati timuyo inalembetsedwa, ngati dzina lanu lili m'kaundula, komanso ngati tsiku lobadwa limene analemba likufanana ndi la pa chikalata chanu chobadwira.